Mzikiti wa Sheikh Zayed ku Abu Dhabi: ndemanga ya wapaulendo amene ndege inamusiya

Nyenyezi zisanu, ndipo ndapereka mosanyinyirika. Ndinali pa ulendo wochokera ku Manchester kupita ku Johannesburg, ndege yoyamba inachedwa, yachiwiri n'kutisiya, basi tsiku lonse lokhala pa Zayed International Airport, bwalo la ndege la ku Abu Dhabi. Mayi wina wa pa desiki ndi amene anandiuza kuti mzikiti uli pafupi, mphindi pafupifupi 20 pa takisi.

Nkhani ya viza ndiyambe nayo, chifukwa ndi imene ingakutsekereni njira. Ine ndinatuluka mosavuta ndi pasipoti ya ku Britain. Amene muli ndi ya Malawi mufunika viza, choncho funsani kampani ya ndege yanu za viza yongodutsira musanayambe kulota zotuluka.

Kulowa ndi kwaulere. Mumangolembetsa pa intaneti, n'kulandira kachizindikiro ka QR pa foni. Khomo lili pansi pa nthaka, mumadutsa kaye m'masitolo kenako mtunda wautali ndithu wapansi, ndiye valani nsapato zofewa ndipo chikwama chachikulu chisiyeni ku bwalo la ndege. Amayi amafunika kufunda mpango kumutu, manja ndi miyendo zobisika mpaka m'mapeto. Abambonso kabudula ayi. Ine ndinavala zaulendo, ndinagula abaya, mkanjo wautali wa amayi, m'sitolo ya pomwepo.

Chimene ndingakulimbikitseni kwambiri ndi kudikira wotsogolera alendo, nayenso saalipiritsa. Ukamayenda wekha umangoona kuyera kwa miyala ndi kujambula zithunzi. Wotsogolera wathu ndiye anatiimitsa pa kapeti ya m'chipinda chachikulu chopemphereramo, yolukidwa ndi manja ku Iran ndi amisiri oposa 1,000, yokula masikweya mita oposa 5,600. Anatiuza tiyang'anitsitse: muli timizere totukuka pang'ono, tosaoneka ukakhala patali, timene timathandiza anthu kufola bwino pa swala, mapemphero a Chisilamu. Timizereto sanatilembe ndi utoto, anachita kumeta ulusi wa m'mbali mwake. Zimenezi zinandigwira mtima kuposa nyali zazikulu zopachika kudenga, zopangidwa ku Germany ndi timiyala tonyezimira ta kampani ya Swarovski, ngakhale aliyense amathamangira nyalizo. Pa khoma loyang'ana ku Makka pali mayina 99 a Mulungu olembedwa m'Chiarabu, owala chapansipansi.

Ntchito yomanga inayamba mu 1996, mzikiti unatsegulidwa mu 2007. Mwini maganizowo, Sheikh Zayed bin Sultan Al Nahyan, pulezidenti woyamba wa United Arab Emirates, anamwalira mu 2004 asanauone utatha, ndipo manda ake ali pambali pake penipeni. Pamandapo sajambula. Madenga ozungulira alipo 82, nsanja zinayi zotalika mamita oposa 100, ndipo anthu oposa 40,000 akhoza kuswali nthawi imodzi. Ine si Msilamu, koma ndinakulira ku Mangochi moyandikana ndi Asilamu, ndipo adhana, mawu oitanira anthu ku swala, italira thupi linandiuza lokha kuti tsitsa mawu.

Za dzuwa musachite nazo masewera. Bwalo la pakati, lokongoletsedwa ndi maluwa a miyala yamitundumitundu, limathobwa m'maso masana, kutentha kwake ngati kwa ku Nsanje mu Okutobala. Ngati nthawi ikulolani, fikani chakumadzulo kuti muone kukada, pamene magetsi akunja amasintha kuwala motsatira kukula kwa mwezi kumwamba. Lachisanu masana amatsekera alendo chifukwa cha swala ya Ijumaa, ndiye onani nthawi pa tsamba lawo musananyamuke.

Wokhala ndi maola osakwana asanu pakati pa ndege ziwiri asayerekeze, chifukwa pobwerera pali mzere wa a zolowa ndi kutuluka m'dziko komanso wachitetezo. Ine pobwerera takisi ndinaipeza msanga panja pa masitolo aja, ndinalipira ndi khadi.