Miyezi 9 ndikusunga mabuku a ndalama ndi AI

Pulogalamu ya AI imeneyi bwana anatilipirira mu Januwale, ndipo mwezi woyamba ndinkaitenga ngati kalaliki watsopano wobwera ndi masatifiketi ambiri. Chilichonse yachita ndinkachibwereza ndekha pa Excel. Anzanga muofesi ankandiseka kuti ndikulima munda umodzi kawiri.

Yandigwira mtima pa bank reconciliation, ntchito yofananiza zolembedwa m'mabuku ndi zomwe zili pa sitetimenti ya kubanki. Kasitomala wathu wina ali ndi golosale yaikulu, ndalama zimalowa kubanki komanso pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo kumapeto kwa mwezi mizere imachuluka mpaka maso kuchita chidima. Kale ndinkathera masiku awiri pamenepo. Pano ndimaipatsa mizereyo, nditayamba ndachotsa mayina a anthu ndi manambala a maakaunti (chinsinsi cha kasitomala sichiperekedwa kwa makina, ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi, siingakumvereni chisoni), iyo n'kundisonyeza malisiti olowa kawiri ndi manambala otembenuzidwa, monga 54 kulembedwa 45. Chomwe chinandichititsa kuikhulupirira n'chakuti zimenezi ndimatha kuzitsimikiza pompo. Ikaloza mzere, ndimatsegula fayilo, lisiti lija ndilione ndi maso anga.

Pa zamisonkho ndi pomwe tinayambana. Mu Meyi ndinaifunsa za chaka cha ndalama cha boma, n'kundiyankha mosaphethira kuti chimayamba mu Julaye n'kutha mu Juni. Boma linasintha zimenezo mu 2022, pano chaka chimayamba pa 1 Epulo kukathera pa 31 Malichi. Tsiku lina inandiwerengera PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, ndi magawo akale a msonkhowo. Choopsa chake n'chakuti ikamalakwa imayankhula mwaulemu ndi molimba mtima chimodzimodzi ngati ikunena zoona. Kalaliki wamunthu akakayika mumamuona nkhope, iyi ayi.

Ndiye tinagawana ntchito. Mafomula a Excel, makalata okumbutsa ongongole, kufufuza mizere yosagwirizana, zonsezo ndi zake. PAYE yofunika kulipidwa pofika pa 14 ndi VAT ya pa 25 ndimawerengera ndekha, mitengo yake ndikuitenga kwa MRA, bungwe lotolera misonkho, chifukwa chindapusa chikabwera chimalembedwa m'dzina la kasitomala, ndipo foni yodandaula imalira pa desiki panga.

Magetsi akazima kapena bandulo ikatha, ndimabwerera ku calculator yanga yakale ija. Bwana afunsa sabata yatha ngati tilipirenso chaka chamawa. Ndawauza kuti alipire, koma mnyamata wathu watsopano asaikhudze kufikira atatseka mabuku a miyezi itatu ndi manja ake.