Pakati pa malata awiri: polystyrene kapena polyurethane?

Ngati mukumanga chipinda chozizira chosungiramo nyama kapena mkaka kuno ku Kasungu, mapanelo a makoma amene ogulitsa angakuonetseni amafanana kunja: malata awiri opyapyala, pakati pake thovu louma. Panelo ikamapindika, lata limodzi limakokeka, linalo limapanikizika, ndipo thovulo limagwira kuti malatawo asayandikane kapena kusuntha. Kusiyana kuli m'katimo.

Polystyrene ndi thovu loyera lija timalipeza m'makatoni a wailesi. Mtengo wake ndi wotsika, komatu kutentha kumadutsamo mosavuta kuposa mu polyurethane: pamene polyurethane ya mamilimita 100 ikukwanira, polystyrene imafunika pafupifupi 150. Makoswe amaiboola, ndipo ikakumana ndi moto imasungunuka n'kumadontha.

Polyurethane amaithira ili yamadzi kufakitale, imafufuma pakati pa malatawo n'kudzimata yokha. Koma ikapsa, utsi wake ndi wakupha, musazipeputse zimenezo.

Ine ndingasankhe polyurethane, ngakhale thumba lilire. Dzuwa la mu Okutobala kuno si masewera, ndipo magetsi akathima, khomalo ndi lomwe limateteza mkaka wa alimi kuti usasase.