GT 1030 mu Dell yanga yakale

Kompyuta yanga ndi Dell OptiPlex 7010 yaing'ono ija, ya purosesa ya i5-3470. Mwana wanga akatsegula masewera a GTA V, chithunzi chinkangodukaduka, iye n'kukhumudwa. Ndinaganiza zoigulira graphics card, khadi yothandiza kompyuta kuonetsa zithunzi.

Vuto la makina otere ndi malo komanso magetsi. Bokosi ndi lopapatiza, power supply yake ndi ya 240W basi, ndipo ilibe chingwe chapadera chopatsira khadi moto. N'chifukwa chake ndinasankha Nvidia GT 1030, yomwe inatuluka mu 2017. Imadya 30W yokha, imatenga moto pomwe imalowetsedwa pomwepo, pa PCIe. Ndinamangirira kachitsulo kake kafupi, n'kuilowetsa, n'kuika driver. Sizinathe mphindi 20.

Koma apa tcherani khutu. Ilipo mitundu iwiri ya dzina lomweli, yonse ya 2GB koma yosiyana memory: ya GDDR5 ndi ya DDR4. Ya DDR4 imachedwa kwambiri. Werengani pabokosi musanapereke ndalama, musangokhulupirira za pakamwa.

GTA V tsopano ikuyenda bwino ndikatsitsako settings, ndipo mavidiyo a 4K sakudukadukanso. Masewera atsopano olemera musayembekezere. GT 1030 ilibenso NVENC, mbali ya khadi yofulumizitsa kupanga mavidiyo, choncho amene mumakonza mavidiyo yang'anani GTX 1050 Ti.