Masitazi ya zamasewero ku England: zimene ejenti sanandiuze

Achimwene ndi achemwali amene mwakhala mukundifunsa njira yofikira kuno ku England kudzaphunzira kayendetsedwe ka masewero, ndakhala chete nthawi yaitali chifukwa cha manyazi. Lero ndilankhula, poti ndamva kuti ena mwayamba kale kugulitsa katundu.

Ndinafika kuno mu Seputembala 2024 kudzachita digiri ya masitazi ya chaka chimodzi. Ejenti amene anandipezera malo ananditchaja £600, ati ya thukuta lake. Nditafika m'pamene ndinadziwa kuti maejenti ambiri amalandira kale komishoni ku yunivesite pa mutu wa wophunzira aliyense amene amubweretsa. Bambo uja anadya mbali ziwiri. Koma £600 si imene imandisowetsa tulo, zilipo zazikulu.

Anandiuza kuti viza ndi £490, ndipo sananame. Chimene anabisa ndi ndalama ya zachipatala imene wophunzira aliyense amalipiriratu viza isanatuluke, £776 pa chaka. Viza ya masitazi imapitirira chaka ndi miyezi ingapo, choncho amakuwerengera chaka ndi theka: £1,164, nthawi imodzi. Ndinaidziwa tsiku lomwe ndinkadzaza fomu. Pamwamba pa fizi yotsala, mu akaunti munayenera kukhala £9,207 ya kudya ndi kugona, ndipo ikhalemo masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale ndi paundi imodzi. Mu Januwale 2025 anaikweza kufika £10,224 kwa ophunzira kunja kwa London, ndiye musadalire manambala angawa, kaoneni a lero. Ine ndinathamangira kukongola kwa abale, ena mpaka pano sindinawabwezere.

Tsopano mverani bwino inu makochi, chifukwa apa ndi pamene ndinalira. Ndinabwera nditaphunzitsa timu ya achinyamata zaka zisanu, ndili ndi chikhulupiriro choti ndikafika ndiziphunzitsa mpira madzulo n'kumapeza ya lendi. Ejenti anavomereza, ati ntchito zotere zili mbwee. Mwezi woyamba kalabu ina yaing'ono, ya osewera olandirako pang'ono, inandifuna kuti ndizithandiza kochi wawo. Mwamwayi ndinayamba ndafunsa mlangizi wa ophunzira akunja pasukulu pathu. Anandionetsa lamulo: viza ya wophunzira imalola maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, koma siilola kugwira ntchito ngati wosewera kapena kochi. Ndipo pa timu ya mulingo wotero lamulo limakugwira ngakhale ukhale sukulandira kanthu. Kudzilemba wekha ntchito, monga kuphunzitsa ana n'kumalandira ndalama kwa makolo awo, nakonso n'koletsedwa. Ukaphwanya, viza ikhoza kuthera pomwepo, fizi yonse n'kulowa m'madzi. Tangoganizani, munthu wabwerera zamasewero, ntchito imene amaidziwa bwino ndi yomwe sangaikhudze!

Lonjezo lina linali loti pulogalamuyi imatumiza ophunzira kukaphunzira ntchito ku timu ya ligi yaikulu. Zoona zake, malowo umadzipezera wekha, ukulimbirana ndi ana obadwira konkuno amene anayamba kuthandiza m'makalabu ali ku sekondale ndipo amadziwana ndi akuluakulu ake. Ndinalemba makalata oposa makumi atatu. Anayankha atatu, onse kukana. Kubwalo ndinalowa ndithu, koma nditavala jekete yachikasu, kulondolera anthu pamipando tsiku la masewero, pa £11.44 pa ola, malipiro otsikitsitsa ololedwa nthawi imeneyo. Masewero apakhomo sachitika sabata iliyonse, ndipo ligi ikatseka ntchito imachepa.

Sindinganame kuti maphunzirowo ndi achabe. Ndinaphunzira kuwerenga mabuku a ndalama a kalabu, kulemba mgwirizano ndi kampani yothandiza timu, kuteteza ana m'masewero. Za ngozi ya pa bwalo la mpira la Hillsborough ya 1989, imene inatenga miyoyo 97 n'kusintha malamulo a chitetezo m'mabwalo a kuno, ndinaziphunzira m'kalasi kenako n'kumaziona ndi maso pageti. Nzeru ndapeza. Koma pepala lokha silitsegula ofesi ya kalabu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti munthu woona mtima ndinakumana naye ndisananyamuke, ine n'kumukana. Anali mayi wina, nayenso ejenti, amene sanapemphe kalikonse. Anandifunsa ngati ndili ndi ndalama yokwanira chaka chonse popanda kudalira ganyu. Anandiuza kuti ndione ngati sukuluyo ili pamndandanda wa boma wa sukulu zololedwa kuitana ophunzira akunja. Anandichenjezanso za madipuloma otchedwa Level 7 amene ena amawagulitsa ngati masitazi: dipuloma yotere imakhala ndi makirediti 120 pomwe masitazi ndi 180, ndipo 60 otsalawo umakalipira padera. Mnzanga wina anagwa m'mbuna imeneyi. Pomaliza mayiwo anati ndidikire chaka ndiyese sikolashipu ya boma la UK ya Chevening, imene imafuna zaka ziwiri za ntchito, zomwe ndinali nazo kale. Ine ndinaona ngati akundichedwetsa, ndinapita kwa wa pakamwa pa uchi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo musaganize kuti mukamaliza sukulu mavuto atha. Viza yotsalira zaka ziwiri inanditengera £880, kuphatikiza £2,070 ya zachipatala, zonse £2,950, ndipo nayonso imaletsa kusewera kapena kuphunzitsa timu ya mulingo wolipidwa. Kuti kampani ikusunge pambuyo pake, kuyambira Julayi 2025 malipiro ayenera kufika £41,700 pa chaka. Kwa ongomaliza sukulu amatsitsako, komabe ntchito zoyambira m'makalabu, zogulitsa matikiti kapena zoyendetsa masewero a m'madera, kawirikawiri sizifikapo. Inu apabanja dziwaninso kuti kuyambira Januwale 2024 wophunzira masitazi ya m'kalasi wodzilipirira yekha saloledwa kubwera ndi mkazi, mwamuna kapena ana.

Ndiye siyani kulota ofesi ya Premier League chifukwa choti mumadziwa mayina a osewera onse. Kukonda mpira si ntchito. Ngati mtima wanu uli pa ukochi, malaisensi a CAF, bungwe la mpira mu Africa, ndiwo njira yanu, osati masitazi. Ngati mukufuna kukhala ejenti wa osewera, FIFA ili ndi mayeso akeake ndipo safuna digiri. Ngati ndi utsogoleri weniweni, yambani mwagwira ntchito m'bungwe la masewero, kenako mufunsire sikolashipu kapena FIFA Master, masitazi ya zamasewero imene imaphunzitsidwa ku Leicester, Milan ndi Neuchâtel. Ejenti akakulonjezani malo ku kalabu, muuzeni akuonetseni m'kalata yochokera ku sukuluyo, dzina la kalabu lili pomwepo. Akayamba kuzungulira, nyamukani.

Ine satifiketi ndili nayo m'chikwama, ngongole yatsala £3,400, ndipo Loweruka likubwerali ndikaimanso pageti.