Njinga Yamoto ya 250 kapena ya 450 kwa Munthu Wamkulu Thupi

Munthu wolemera makilogalamu oposa 100 akafuna njinga yamoto ya motocross (mpikisano wa m'njira zadothi ndi zitunda) ya injini ya four-stroke (yoyatsa mafuta kamodzi pisitoni ikayenda kanayi) yogwiritsidwapo kale ntchito, kawirikawiri amasankha pakati pa ya 250cc, monga Yamaha YZ250F, ndi ya 450cc, monga Honda CRF450R.

Ya 250 ndi yopepukirapo ndipo sitopetsa mikono msanga, koma mphamvu zake zimabwera injini ikalira kwambiri. Choncho munthu wolemera amaikakamiza pa chitunda chilichonse ndi potuluka m'makona, ndipo pisitoni ndi mavavu zimatha mofulumira. Ya 450 imakoka mwamphamvu ngakhale injini ikuzungulira pang'onopang'ono, sifuna kusintha magiya pafupipafupi, ndipo kwa munthu wotere ine ndiyo ndingasankhe, pokhapokha ngati akungoyamba kumene kuphunzira, chifukwa dzanja likapotoza mafuta mopitirira, gudumu lakutsogolo limadzuka mwadzidzidzi.

Njinga zonsezi zimachoka kufakitale ndi masipuling'i oyenera munthu wopepukirapo, motero kusintha masipuling'i akutsogolo ndi akumbuyo kuyenera kuwerengeredwa pa mtengo wogulira. Wokwera akakhalapo, kumbuyo kuzitsika pafupifupi mamilimita 100.

Chaka cha njinga nachonso n'chofunika. CRF450R inasiya kugwiritsa ntchito kabuleta (chida chosakaniza mafuta ndi mpweya) mu 2009, ndipo YZ450F, ya 450 ya Yamaha, inayamba kulizidwa ndi batani mu 2018. Pogula, funsani maola amene injini yagwira ntchito, yang'anani ngati fumbi ladutsa fyuluta ya mpweya, ndipo muilize isanatenthe, popeza ikavuta kulira ili yozizira, nthawi zambiri mpata wa mavavu umakhala utachepa.