Hilux ya dizilo yandipumitsa pa chitunda cha Chiweta

Ndimapikula mpunga wa Kilombero ku Karonga n'kudzagulitsa kuno ku Mzuzu, choncho kwa ine galimoto imayesedwa pamalo amodzi: chitunda cha Chiweta pobwerera, ngolo ili kumbuyo.

Kwa zaka zitatu ndinkayendera pikiapu ya petulo, injini ya malita 2.7. M'tauni inalibe vuto. Koma ndikamangirira ngolo ya matumba 30 a makilogalamu 50, pa makona a Chiweta paja ndinkakwera ndi giya wani, injini ikulira, diso langa lili pa kamuvi kosonyeza kutentha. Injini yotereyi imatulutsa mphamvu yake yonse yokokera ikamazungulira maulendo cha pa 4,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti mafuta akungothera m'kulirako.

Chaka chatha ndinagula Toyota Hilux 2.8 GD-6, ya 4x4, yosintha magiya ndi dzanja, yoyendako kale. Mphamvu yake yokokera ndi 420 Nm ndipo imayambira pansi, injini ikuzungulira maulendo cha pa 1,400 pa mphindi imodzi. Pamsewu zikutanthauza kuti ngolo yomwe ija, matumba omwe aja, ndimakwera nayo ndi giya thuu, pena thiri, ndikucheza ndi mnyamata wondithandiza popanda kukuwa. Mafutanso ndimathira ochepa kusiyana ndi kale pa ulendo womwewo. Buku lake limalola ngolo yofika makilogalamu 3,500, koma ikhale ya mabuleki akeake. Mfundo imeneyi musaipeputse chonde, chifukwa pamtsetse katundu amakukankha, ndipo ine ndimatsika ndi giya yotsika, phazi likungothandizira.

Pomwe ndinalira m'pa mafuta. Dizilo atasowa, nditagona pamzere masiku awiri, ndinagonja n'kugula zigubu ziwiri kwa mavenda. Patangotha sabata galimoto inayamba kunjenjemera ikaima, utsi ukutuluka woyera. Amakaniko anga ku Luwinga anamasula fyuluta, n'kutsanulira zam'katimo m'botolo: madzi anakhala pansi, dizilo pamwamba, fungo la palafini lili guu. "Achimwene, injini iyi si ya thirakitala yakale ayi, ma injector ake safuna zonyansa," anatero. Ma injector awiri, tizipangizo topopera dizilo m'injini, anali atawonongeka, ndipo ndalama yake inadya phindu la maulendo angapo. Cholakwa chinali changa. Ya petulo ija sinandilipitsepo ndalama yotere pa zaka zonse zitatu.

Amene mumangonyamula simenti pang'ono kuchoka m'tauni kupita ku Mchengautuwa kapena Ekwendeni, ya petulo ikukwanirani, ndipo kugula ndi kukonzetsa kwake n'kotchipirapo. Koma ngati mumakoka katundu wolemera mumsewu wa Karonga, kapena matabwa ochokera ku Chikangawa, tengani ya dizilo. Ine panopa ndimasunga fyuluta yapadera pansi pa mpando, ndipo dizilo wa m'chigubu sindimugulanso, bola ulendo ulephereke.