Patatha miyezi 9: nkhani za milungu zikukomabe, koma mabukuwo akuthothoka

Mphunzitsi mnzanga kuno ku Salima anandifunsa sabata yatha ngati nayenso agule mabuku amene ndinkawatamanda mu Febuluwale, ndipo ndinaona kuti yankho loona ndi lalitali, choncho ndalemba. Ndi mabuku asanu a nkhani zopeka zokhudza milungu ya mitundu yosiyanasiyana, ndipo ndinawagula pa K60,000 kwa wogulitsa wina wa ku Lilongwe amene anawatumiza pa minibasi.

Zilembo zake ndi zazikulu bwino, inki sinafufutike. Nkhanizo ndimazikonda kwambiri. Odin, mulungu wa anthu akale a ku Scandinavia amene anapereka diso lake kuti amwe madzi a nzeru pachitsime cha Mimir, amandigwira mtima nthawi zonse. Ana a mchemwali wanga atamva za Anansi, kangaude wochenjera wa m'nthano za ku Ghana, anaseka n'kunena kuti ameneyo ndi Kalulu amene wangobwereka miyendo.

Vuto ndi guluu. Kutentha kwa Okutobala kutafika, msana wa buku lachitatu unauma n'kung'aluka, masamba n'kuyamba kugwa limodzilimodzi ngakhale ndinkalisunga m'kabati, kutali ndi dzuwa. Bukuli ndi limene ndimalikonda koposa, chifukwa likukamba za milungu ya ku Egypt. Usiku wina ndinafika pamene Anubis akuyeza mtima wa womwalira pa sikelo poulinganiza ndi nthenga ya Maat, mulungu wamkazi wa choonadi, chilombo Ammit chikudikira kuti chiudye ukalemera, ndipo potembenuza ndinapeza kuti masamba anayi otsatira palibe. Ndinasesa nyumba yonse ndi tochi m'manja. Atatu ndinawapeza kuseri kwa kabati, koma lachinayi silinaonekenso, moti chigamulo cha munthu ameneyo ndimangochiganizira. Pasanathe masabata awiri, mabuku ena awiri anayambanso chimodzimodzi.

Nditamuimbira wogulitsayo, anandiyankha mwaulemu kuti, "Pepani aphunzitsi, abweretseni tidzaone," koma za ndalama yoyendera ananena kuti ndi zanga, ndipo kusinthako sanakulonjeze. Nditamupanikiza ndi mafunso ndi pamene anavomera kuti mabukuwo si enieni ochokera kwa osindikiza ake, chinthu chimene akanayenera kundiuza ndisanalipire. Zimenezi zinandipweteka kuposa guluuyo, chifukwa olemba amene anandisangalatsa chonchi sanalandirepo ngakhale tambala pa ndalama yanga.

Pomaliza ndinapita nawo atatu othothokawo kwa wosoka nsapato wa pamsika, amene anawasoka ndi ulusi wolimba pa K2,000 buku lililonse, ndipo tsopano akutseguka popanda kugwetsa tsamba. Madzulo ena ndikamawerengera ana za Isis akutolera ziwalo za mwamuna wake Osiris, ndimaiwala mkwiyo wonse n'kuona ngati sindinaluze kanthu. Ndikakumbukira kuti zonse pamodzi zandidyera K66,000, mtima umabwereranso. Mnzangayo ndamuuza kuti ndimubwereka angawa, ndipo ndalama yake asunge kufikira atapeza wogulitsa amene angamutsimikizire kuti mabuku ake ndi enieni.